Matope a M'kachigayo ka Miyala

Amayi atamwalira, abale anasonkhana kuti agawe katundu monga mwa mwambo. Amalume, omwe anali mwini mbumba, anali kutali ku America, choncho anatumiza mawu akuti agogo agawe m'malo mwawo. Makina osokera anapita kwina, mabulangete kwina, wailesi kwinanso. Pansi pa bedi panatsala chitini cha mkaka wa ufa chodzaza ndi miyala. Wina anachitsegula, naseka, nachibwezera pomwepo. Ine ndinachitenga. Palibe anandiletsa chifukwa palibe ankachifuna.

Miyalayo amayi ankatola ku Ngabu, komwe ankaphunzitsa pasukulu ya pulayimale. Mvula ikakokolola dothi m'minda ya thonje, miyalayo inkaonekera pamtunda. Kunja inali yotuwa ndi yokhakhala, koma pamene yabenthuka pankaoneka buluu wozama wokhala ndi timizere toyera. Ndinkainyambita kuti mtunduwo uoneke bwino. Abambo sindinawadziwe, anamwalira ndili wakhanda. Za amayi ndinatsala ndi chitinicho basi, ndi agogo, omwe anandinyamula tsiku la maliro osanditulanso.

Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 amalume anaitana agogo. Ankayendetsa galimoto kuofesi ina ya kazembe pa Massachusetts Avenue, ndipo akazi awo, omwe ndinkawatchula kuti a anti, anali ndi khanda komanso ntchito. Ankafuna munthu wolera mwanayo. Agogo anati popanda ine sapita, ndiye tinapita tonse. Nyumba inali ku Laurel, imodzi mwa nyumba zogundizana zija, zofanana ngati zinabadwa tsiku limodzi. Ife tinkagona m'chipinda chapansi, pafupi ndi makina ochapira zovala. Kazenera kake kanali m'mwamba, kolingana ndi udzu wa panja, moti anthu odutsa tinkangowaona nsapato.

Sindinali mwana wolankhula. Kusukulu ndinkakhala kumbuyo, kunyumba ndinkakhala pakona. Ndinkadziwa kuti a anti akatsitsa mawu ndiye kuti akunena za ife, ndiponso kuti amalume akamachedwa kutuluka m'galimoto atafika, kuntchito sikunayende bwino. Zonsezi ndinkauza agogo okha. Chitini chinkakhala pabedi panga, cha kukhoma. Tsiku lililonse ndikabwera kusukulu ndinkakhuthula miyala pabulangete n'kuibwezeramo umodziumodzi. Uliwonse ndinkaudziwa nkhope yake.

Chilimwe china nkhalamba ina yachizungu ya pamzere wathu inkasamuka, ndipo inatulutsa katundu pabwalo kuti anthu asankhe. Pakati pa nyali ndi mipando panali kamakina kokhala ndi mota ndi kamgolo kakuda ka labala kogona pa timitengo tiwiri tachitsulo. Ndinaimirira pamenepo nthawi yaitali mpaka nkhalambayo inandifunsa ngati ndikudziwa ntchito yake. Ndinapukusa mutu. Inatulutsa m'thumba mwala wosalala wowala ngati wanyowa, n'kundiuza kuti kale unali ngati wa mumsewu. Ndinathamangira kunyumba, ndinabwera ndi umodzi wa amayi. Inauyang'ana, inaunyowetsa ndi malovu monga ndinkachitira ine, kenaka inandipatsa makinawo pamodzi ndi timabotolo ta mchenga wake.

Inandiphunzitsa pomwepo, pabwalo. Umathira miyala mumgolo kupitirira theka. Umawonjezera mchenga wakuda wa m'botolo, kenaka madzi mpaka atatsala pang'ono kumiza miyala. Umatseka, umayatsa, n'kuusiya uzungulire sabata yathunthu osautsegula. Ikatha sabata umatsuka zonse, n'kuyambiranso ndi mchenga wosalala kuposa woyambawo, mpaka womaliza womwe uli ngati ufa. Inanditsina khutu pa chinthu chimodzi: matope otuluka mumgolo asathiridwe m'sinki, chifukwa amauma m'mapaipi ngati simenti.

Agogo ataona makinawo akuzungulira pansi pa masitepe anagwira pakamwa.

"Ndiye ku America kuno ngakhale miyala imapita kuchigayo?"

Kuyambira tsiku limenelo dzina lake linali kachigayo. Ankadandaula kuti kamawasokosera, koma ndinkawapeza ataima pafupi, mwana ali kumsana, akumvetsera. Kakamayenda bwino kankalira ngati mtsinje wodutsa pamiyala.

Ulendo woyamba ndinaika ya amayi yochepa chabe, yosakaniza ndi ina yolimba yomwe ndinatola kukamtsinje ka kuseri kwa nyumba. Ndinkaopa. Zinatenga chilimwe chonse chotsala. Tsiku lomwe ndinatsuka komaliza, ndinakhala pansi pafupi ndi mpopi wa panja osatha kudzuka. Miyala ija inali itauma, koma inkawala. Timizere toyera tinkazungulira m'kati mwa buluu ngati wina anachita kujambula ndi singano. Amayi anafa asanaione choncho.

Ndinayamba kuonetsa agogo. Anaiika pachikhatho, naiyang'ana, kenaka anati, "Mayi ako ankati ndi yokongola, ife tinkamuseka." Ndiwo anandiuza kuti ndikaonetsenso kumtunda, kwa amalume ndi a anti. Pa ine ndekha sindikanapita.

A anti anatenga umodzi n'kuulozetsa kuzenera.

"Ii! Ndiwe wapanga zimenezi? Bambo a mwana, taonani. Izi m'sitolo za m'tauni amaziika m'magalasi, zokhoma ndi kiyi."

Amalume anayang'ana kamodzi, nati zili bwino, nabwerera ku nyuzipepala yawo.

"Ilipo yambiri?" anafunsa a anti.

Anayankha ndi agogo: "Chitini chonse."

Mawa lake a anti anandipempha kuti ndiwapatseko ingapo. Ndinayang'ana pansi n'kunena kuti ndi ya amayi. Anaseka, nati, "Chabwino, mayi, sitilanda za ana amasiye," ndipo nkhaniyo sanaiyambenso. Yowalayo ndinaimanga m'sokosi, ndinkayenda nayo m'thumba kulikonse.

Sukulu itatsegulidwa ndinadzaza mgolo ndi ya amayi yokhayokha. Tsopano ndinali nditadziwa ntchito, kapena ndinkaganiza choncho. Masiku oyamba kachigayo kanalira bwino. Kenaka ndinabwera kusukulu n'kupeza mawu ake asintha. Mtsinje uja unali utasowa. Kankangoti phwa, phwa, ngati munthu akuponda m'dambo. Mawa lake kanali zii, mota yokha ikung'ung'udza, ndipo chivundikiro chinali chitatupa. Ndinazimitsa n'kutsegula ngakhale sabata inali isanathe.

M'katimo munalibe madzi. Munali phala lotuwa, lolimba ngati lagona, ndipo miyala inali itamatirira pansi yonse pamodzi. Mgolo unkazungulira, koma miyala sinkagubuduka. Ndinapita nawo kumpopi, ndinafukula ndi zala, ndinatsuka pasefa. Matope atachoka ndinaona kuti ya buluu yachepa. M'malo mwake munali timiyala toyererako, tating'ono, tofewa m'mbali ngati sopo wotsala pang'ono kutha.

Ndinaganiza zomwe mwana aliyense akanaganiza. Nkhalamba ija inali itandiuza kuti miyala imachepa ikamaperedwa. Ndiye ndinati buluu uja anali khungu chabe, ndipo ine ndaupera mopitirira mpaka kufika pamtima woyera. Matope omwe ndinkathira m'maluwa anali miyala ya amayi.

Agogo anandipeza pamenepo. Anakhala pa sitepe, anandikokera pamiyendo pawo, nandipukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Usalire. Chigayo chilichonse chimadya pang'ono. Yesanso, mwina wachulutsa mankhwala akowo."

Ndinayesanso. Mgolo suyenda bwino ukapanda kudzaza, choncho ndinachotsa timiyala toyera tija n'kutapa ina m'chitini. Ndinachepetsa mchenga. Ndinawonjezera madzi. Masiku angapo unalira bwino, kenaka phwa, phwa, kenaka zii. Phala lomwe lija. Ya buluu inachepanso.

Kulaibulale ya pasukulu ndinapeza buku la miyala lomwe linali ndi tsamba limodzi lonena za makina otere. Linati matope amalimba madzi akachepa, kapena mchenga ukachuluka, kapena chivundikiro chikamadontha, kapena ukasakaniza miyala yofewa ndi yolimba. Chomalizacho ndinachidumpha, chifukwa yanga yonse inachokera m'munda umodzi. Ndinatsuka mphira wa chivundikiro ndi mswachi wakale. Ndinayala pepala pansi pa mgolo kuti ndione ngati ukudontha, koma linakhala louma. Ndinayeza madzi ndi kapu, mchenga ndi supuni. Ndinafika posuntha kachigayo kuchoka pafupi ndi makina otenthetsa nyumba, poganiza kuti kutentha kukuumitsa madzi. Masamba a mitengo anafiira n'kugwa, madzi a pampopi anayamba kuluma zala, ndipo chitini chinatsika kupitirira pakati.

Nthawi zonse agogo anali pambali panga. Ankandigwirira sefa. Ankanditenthetsera madzi oti ndiviikemo manja ndikamaliza. Tsiku lina ndinawauza kuti ndikufuna kusiya, ndisanamalize yonse.

"Ukasiya pano ndiye yapitayo yapita chabe," anatero. "Ulendo uno zitheka."

Lamlungu tinkapemphera m'chipinda chobwereka cha tchalitchi china, Amalawi ndi anthu a ku Zambia pamodzi, ndipo mapemphero akatha tinkadya. Panali bambo wina wa ku Kitwe yemwe ankaphunzira za miyala ndi migodi payunivesite. Ana tonse tinkawatchula kuti ankolo. Anali munthu waphokoso, wokonda kunyoza Amalawi kuti timaphika masamba mpaka afe kawiri. Zinanditengera milungu ingapo kuti ndilimbe mtima. Tsiku lomwe ndinalimba, ndinawatsatira kukhitchini ya tchalitchi ndili ndi kabotolo ka matope ndi timiyala toyera m'thumba.

"Aa, kamwana ka zii kakamba lelo! Kuzagwa mvula. Nichani, mami?"

Ndinawafotokozera zonse, ndikuyang'ana nsapato zawo. Anatapa matope ndi chala, anawatikita, anawanunkhiza. Kenaka anatenga kamwala koyera, natulutsa kiyi wa galimoto, nakakanda. Kiyi analowa ngati akukanda choko.

"Manje leta ija ya buluu."

Ndinamasula sokosi n'kuwapatsa umodzi. Anaukanda ndi kiyi yemweyo mwamphamvu, mpaka ndinafuula. Anaupukuta ndi chala n'kundionetsa. Panalibe chipsera.

"Waona? Uyu ni mwamuna. Ungamupele mwezi wonse, azachepa chabe pang'ono, koma mukati ni buluu mpaka pamtima. Sasanduka woyela."

Anatsegula kabati, anapeza botolo la viniga, nadonthezera pa ufa womwe kiyi anakanda pa kamwala koyera kaja. Panatuluka tithovu ting'onoting'ono.

"Aka si ka kwanu aka. Ni tuja tumiyala twamene bazungu baika pansi pa maluwa pa nyumba. Tofewa maningi. Ukatufaka pamodzi na iyi yolimba, tusungunuka, ndiye phala yako iyo. Unatufakila chani?"

"Sindinaikemo."

"Ndiye tunangena tweka? Ku Malawi miyala ili na mendo?" Anaseka, koma atandiyang'ana analeka. Anandibwezera mwala wanga, nati, "Makina yako ilibe mulandu, mami. Na iwe ulibe."

M'galimoto pobwerera ndinakhala kumbuyo pakati pa agogo ndi mpando wa mwana. Mtima unali utapepuka, chifukwa sindinaphe miyala ya amayi. Koma tisanafike ndi pamsewu waukulu pomwe, kupepukako kunasanduka chinthu china. Ngati sinasungunuke, ili kwinakwake. Titatsika, ena onse analowa m'nyumba, ine ndinatsalira pakhomo. Pansi pa zitsamba za m'mbali mwa masitepe panali timiyala toyera tomwe ndinkatidutsa tsiku lililonse. Kuseri kwa chitsamba chakumapeto kunali kadzenje komwe dothi lakuda linkaonekera, kukula kwake ngati kotapa ndi manja awiri.

Ndinaganizira a anti. Sindinaganizire wina aliyense. Ndinatsala pang'ono kuuza agogo tsiku lomwelo, koma ndinafuna kuti ndikawauze nditaona ndi maso, kuti akakalankhula ndi amalume akhale ndi poyambira. Ndinadzazanso mgolo, ndinayatsa, n'kuyamba kuyang'anira. A anti ankachoka m'mawa ine ndisanapite kusukulu, n'kubwera ine nditafika kale. Kuchipinda chapansi ankatsikako Loweruka lokha, kudzachapa, ine ndilipo. Ndinazungulira nazo m'mutu masiku awiri, ndipo sizinkalumikizana.

Tsiku lachitatu kusukulu anatitulutsa masana chifukwa aphunzitsi anali ndi msonkhano. Ndinalowera khomo la kuseri. Nyumba inali chete, mwana ali mtulo, ndipo kachigayo sikankamveka. Ndinatsika masitepe pang'onopang'ono. Agogo anali atagwada pansi, atayala nyuzipepala, mgolo uli wotsegula patsogolo pawo. Pambali panali beseni la madzi. Ankapisa dzanja m'matope, kutulutsa mwala, kuuviika m'beseni, kuuyang'ana pa kuwala kwa kazenera. Wabwino ankauika m'mbale. Pa uliwonse womwe achotsa ankasankha woyera wolingana nawo pa mulu womwe unali pachitenje, kuuyeza m'dzanja, n'kuuponya mumgolo. Ankagwira ntchitoyo mosamala, monga ankasankhira nyemba.

Sindikudziwa kuti ndinaima nthawi yaitali bwanji. Anatembenuka kuti atenge chivundikiro, n'kundiona. Sanadzidzimuke kwambiri. Anapukuta manja pa nyuzipepala.

"Mwaweruka msanga lero."

"Agogo."

"Tsika, usaime pamenepo ngati mlendo."

Ndinatsika, koma sindinakhale pansi.

"Ina ija ili kuti?"

"Ili ndi a anti ako. Anapeza munthu m'tauni amene amaimaliza n'kuiboola. Apangitsa mikanda ndi ndolo."

"Za iwowo?"

"Zina zawo. Zina anapatsa akazi a mabwana a kuntchito kwa amalume ako." Anatsitsa mawu ngakhale m'nyumba munalibe wina. "Iwe umaona zonse, sunaone kuti amalume ako sakugona? Nthawi yawo kuno yatsala pang'ono kutha. Akapanda kuwawonjezera, tonse tikwera ndege. Munthu sapita kwa akuluakulu chimanjamanja. Azimayi aja akondwa kwambiri, akuti sanadziwe kuti kwathu kuli zotere."

"Ndi ya amayi."

"Ndipo amayi akowo mlongo wawo ndi ndani? Katundu wa malemu amagawa ndi mwini mbumba. Chitini chija sichinagawidwe, unangotola. Amalume ako atati achitenge chonse lero, palibe angawatsutse, ngakhale kumudzi. Ine ndinati ayi, musamulande mwanayo, ndidzitapako pang'onopang'ono."

"Bwanji simunandiuze?"

"Ukanalola?"

"Ayi."

"Ndiye."

Anatenga chivundikiro n'kuyamba kupukuta mphira wake ndi chala, monga ankandionera ndikuchita. Ndinawafunsa chifukwa chake sanatape m'chitini, m'malo mondiwonongera mgolo wonse.

"Ya m'chitini umaidziwa ngati ana ako. Ukanazindikira tsiku lomwelo. Koma iwe wemwe unandiuza kuti ikalowa umu imasintha nkhope, ina imachepa. Ndinati ndikabwezeramo ina yolingana kulemera, chigayo chizilira chimodzimodzi. Ndikanadziwa bwanji kuti ya kuno ndi yofewa ngati chigumu? Mwala ndinkauyesa mwala."

Pamenepo anamwetulira pang'ono, ngati akuyembekeza kuti tiseke limodzi za miyala yaulesi ya ku America. Masiku ena onse tikanaseka.

"Munandiona ndikulira," ndinatero. "Ndinkati ndaipha ndine. Munandigwirira sefa."

"Ndinakuona."

"Munati ndiyesenso."

Anaika chivundikiro pansi. Kumtunda mwana anayamba kudandaula m'tulo, kenaka anakhalanso chete.

"Iwe ukuganiza kuti wamasiye ndiwe wekha m'nyumba muno?" anatero. "Uja anali mwana wanga asanakhale mayi ako. Ndinamuika m'manda ndi manja awa. Watsala ndi mmodzi, ndipo ndikudya kwa mkazi wake. Akandipempha kanthu ndimukanize? Tikabwerera, ukaphunzira kuti? Ukadya kwa yani? Ndachita zimenezi chifukwa cha iwe."

Mwina zinali zoona. Ndakhala ndi zaka zambiri zoganizira, ndipo mbali ina ndimaimvetsa. Akanabwera kwa ine n'kunena kuti amalume alamula, ndikanalira, ndikanakana, mwina akanandilanda, koma tikanalira tili mbali imodzi. Chomwe sindinathe kumeza n'chakuti ankadikira kuti ndipite kusukulu. Ankadziwa ola lomwe basi imanditenga. Ndipo madzulo ake ankandifunsa kuti kachigayo kakuyenda bwanji.

Ndinatambasula dzanja kuti nditenge mbale ija. Anaigwira.

"Iyi isiye. A anti ako analonjeza kale mayi wina, akuyembekeza Loweruka." Kenaka, mofatsa, ngati akundipatsa nkhani yabwino: "Tsopano poti wadziwa, sitivutikanso ndi zoyerazi. Yotsalayo uipere bwinobwino mpaka iwale, monga unachitira poyamba. Tigawana, ina yako, ina yawo. Munthu wa m'tauni uja sauwalitsa ngati iwe."

Ndinasiya mbaleyo. Ndinazula waya wa kachigayo kukhoma, ndinanyamula mgolo kupita nawo kumpopi. Ndinatsuka ndekha. Agogo anaima pakhomo ndi ketulo ya madzi otentha, koma sindinatembenuke, ndipo patapita nthawi anabwerera m'nyumba. Ya buluu yomwe inatsala mumgolo ndinaibwezera m'chitini, yoperedwa theka, yosawala. Toyera tija ndinakatibwezera m'kadzenje kawo pansi pa chitsamba.

Mawa lake ndinaika chitini m'chikwama cha mabuku. Chinali cholemera moti lamba ankandidula phewa. Kusukulu aliyense anali ndi kabati yake yachitsulo yokhoma, ndipo ndinachiika mmenemo, kuseri kwa nsapato zamasewera.

Loweruka amalume ndi a anti ankapita kuphwando la kuntchito. A anti anatsika atavala chitenje chosokedwa bwino, duku lalikulu, ndi mkanda wa buluu pakhosi. Anaima pagalasi la pakhomo akuukonza. Mwala wapakati ndinauzindikira. Unali ndi mzere woyera wopindika ngati mbedza, ndipo amayi ankaugwiritsa ntchito kutsindikira mapepala a ana asukulu mphepo ikamawomba. Tsopano unali ndi bowo. A anti anandiona m'galasimo, anagwira mkandawo ndi dzanja, nati, "Wakongola eti? Amayi ako akanakondwa." Sindikudziwa ngati ankadziwa momwe unachokera mumgolo. Sindinawafunse.

Patapita masiku angapo a anti anayamba kufunsa za miyala ina. Ndinali pa masitepe, ndipo ndinamva agogo akuwayankha kukhitchini: "Palibenso, mayi. Mwanayo anawononga yonse ndi makina akewo. Inasanduka matope." A anti anadandaula kuti zinthu zabwino sapatsa ana, ndipo nkhani inathera pomwepo. Mpaka lero sindidziwa ngati agogo ananena zimenezo ponditchinjiriza kapena podzitchinjiriza okha. Kuntchito amalume anawawonjezera nthawi, koma ngati mikanda inathandizapo, palibe angadziwe.

Tsiku lomwe ndinamva zimenezo, ndikuvula yunifolomu ya masewera, agogo anatsika ndi zovala zoti apinde. Anayang'ana pabedi panga, cha kukhoma, pomwe chitini chinkakhala.

"Wachiika kuti?"

Ndinapitiriza kuvula yunifolomu.

"Sinditenganso. Ndangofuna kudziwa kuti chili pabwino. Ndiuze, mwana wa mwana wanga."

Ana a Amalawi ambiri kumeneko ankamva Chichewa koma ankayankha m'Chingerezi, ndipo agogo ankanyadira kutchalitchi kuti wawo yekha sanatayike. Chingerezi iwo sankachimva, kupatula moni ndi zikomo. Ndinawayang'ana m'maso, ndipo ndinawauza zoona zonse: kuti chili kusukulu, m'kabati yachitsulo ya pafupi ndi chipinda cha nyimbo, kuseri kwa nsapato. Ndinanena pang'onopang'ono, momveka bwino, m'Chingerezi.

Anadikira kuti ndibwereze m'chilankhulo chathu. Nditapanda kutero, anagwedeza mutu, natenga malaya a amalume pamulu, nayamba kupinda.